Za Magalimoto Akale ndi Anthu Owakonza ku Mitundu ndi ku Nathenje

Aliyense woyenda pa msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kunka ku Dedza, akafika pa Nathenje, kapena akapatuka kulowera ku phiri la Bunda nafika pa Mitundu, aona magalimoto okalamba ali chiimire pansi pa mitengo ndi kuseri kwa nyumba. Ina yakhalira pa njerwa yopanda matayala, ina yayasama kukamwa injini ili pansi, ndipo pambali pake pali anthu othimbirira ndi oyilo. Alendo ena aseka nati, "Awa ndi manda a magalimoto." Komatu owerenga inu mudziwa kuti malole ambiri amene anyamula fodya wathu, chimanga chathu, odwala athu ndi maliro athu anapangidwa eni ake ali ana, ndipo ena asanabadwe n'komwe. Ali kuyendabe chifukwa cha manja a anthu othimbirirawo. Tsono m'nkhani ino tifuna kulongosola kumene nzeru yokonza magalimoto pakhomo inachokera, chimene yatichitira, ndi malire amene munthu wanzeru sayenera kuwalumpha.

Dziko lisanaone galimoto

Ntchito ya chitsulo si yachilendo kwa Achewa. Kalekale makolo athu ankakumba miyala ya chitsulo, naiika m'ng'anjo pamodzi ndi makala, nafukuta ndi mvukuto wa chikopa kufikira chitsulo chitalekana ndi zinyalala zake. Wosula ankatenga chitsulocho nasula makasu, nkhwangwa, mikondo ndi mipaliro. Popeza ntchitoyo inali yowawa, chitsulo sankachitaya. Khasu likaperepeseka ankabwerera nalo kwa wosula, iye nalisandutsa mpeni kapena mpaliro. Mwambo umenewu muusunge m'mtima, pakuti tidzaupezanso kutsogoloku.

Koma katundu yense ankayenda pamutu. Pamene kampani ya abale awiri John ndi Frederick Moir, imene anthu anaitcha Mandala, inayamba malonda m'dziko muno mu 1878, inadalira amtengatenga. Munthu mmodzi ankasenza mtolo wolemera ngati theka la thumba la chimanga la masiku ano, nayenda nawo masiku ambiri. Azungu a boma ndi a misyoni ankanyamulidwa m'machila kapena kukwera abulu. Ndimo m'mene katundu ankafikira ku Mvera, kumene misyoni inayamba mu 1889, ndi ku Nkhoma, kumene inayamba mu 1896.

Kulemera kwa mtolo kunafika pachimake pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Amuna pafupifupi 200,000 a dziko la Nyasaland anatengedwa kukasenza chakudya ndi zipolopolo za asilikali omenyana ndi Ajeremani, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Pa nkhondo yomweyo boma linalambula misewu yoti magalimoto adzerepo, ndipo anthu ambiri a kumidzi anaona chinthuchi koyamba. Dzina lake lomwe linadza ndi alendo, pakuti m'Chiswahili "gari" ndiye ngolo, ndipo moto ndi womwewu tiudziwa. Munthu amene anasenzapo mtolo kuchokera kunyanja kukwera mapiri sanafune womuuza ubwino wa ngolo ya moto.

Fodya aitana malole

Chimene chinakokera magalimoto ku chigwa cha Lilongwe ndi fodya. Mu 1920 azungu awiri, A. F. Barron ndi R. W. J. Wallace, anatsegula minda m'boma la Lilongwe, ndipo wina mwa mindayo ndi wa Mbabzi. Iwo ankagawira anthu a m'midzi mbewu ya fodya wochiza ndi utsi, nawagula masamba ake. M'zaka zowerengeka alimi a fodya anachuluka kufika zikwizikwi, kotero kuti mu 1926 boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board loyang'anira ulimi ndi misika yake. Koma njanji inathera kutali. Inafika ku Blantyre mu 1908 niima pomwepo zaka zambiri. Chotero fodya wa kuno anayenera kuyenda mtunda woposa makilomita 300 pa msewu wa dothi, kudzera pa Nathenje, kuwoloka Linthipe, kukwera ku Dedza, kutsikira ku Ntcheu, kuwoloka Shire, mpaka ku Limbe. Pamene njanji inafika ku Salima mu 1935 katundu wambiri anatembenukira kumeneko, koma msewu wa ku Dedza unakhalabe njira ya anthu ndi malonda opita kumwera.

Galimoto yotchuka ya masiku amenewo inali Ford Model T, imene Henry Ford wa ku America anapanga kuyambira 1908 kufikira 1927, ndipo zinapangidwa zokwana 15 miliyoni. Inali galimoto ya mlimi, yoti mwini wake aikonze yekha. Ankailiza ndi handulo yopukusa ndi dzanja. Inalibe pampu ya petulo. Thanki inali pansi pa mpando, petulo nangotsetsereka yekha kunka ku injini. Chifukwa chake pa chitunda chachikulu, petulo akachepa m'thanki, injini inkazima, ndipo oyendetsa ochenjera ankatembenuza galimoto nakwera chafutambuyo. Munthu wokhala ndi sipanala, pulayala ndi waya ankatha kuchiza matenda ake ambiri.

Tsono ganizani lole yodzaza fodya itathyoka sipuling'i pakati pa Nathenje ndi Linthipe m'zaka zimenezo. Galaja ili ku Blantyre, telefoni palibe, chitsulo chatsopano chiyenera kuchokera kutsidya la nyanja. Woyendetsa ndi mnyamata wake anayenera kudzithandiza okha. Ankadula mtengo wolimba naumanga m'malo mwa sipuling'i, kapena ankafunsa pamudzi ngati pali wosula. Pamenepo mwini mvukuto ndi mwini sipanala anakomana, ndipo sanalekanenso.

Masukulu atatu a amakanika

Amakanika oyamba a kuno sanaphunzire pa bolodi. Sukulu yawo yoyamba inali lole yomweyo. Mnyamata ankalembedwa kuti azipukusa handulo, kuthira madzi m'ladiyeta, kuika mwala kumbuyo kwa tayala pa chitunda ndi kumata chubu. Popatsira bwana wake sipanala ankapenyetsetsa, ndipo patapita zaka iyenso ankakhala woyendetsa ndi wokonza.

Sukulu yachiwiri inali ulendo. Amuna ambiri a m'dera la mafumu Chiseka ndi Chadza, monga a m'maboma ena onse, anapita ku Southern Rhodesia, kumene lero ndi Zimbabwe, ndi ku migodi ya ku Joni. Ena anapita pansi, ena anakwera malole a Ulere amene boma la Rhodesia linkanyamulira antchito mwaulere, ena analembedwa ndi Wenela kapena Mthandizi. Ambiri anagwira khasu ndi fosholo, koma ena anagwera m'magalaja, m'mafamu okhala ndi mathirakitala ndi m'mashopu a migodi, nabwera kwawo ndi bokosi la zipangizo. Kulemba anthu a ku migodi kunaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown nipha Amalawi oposa 70 obwerera kwawo. Koma pofika nthawi imeneyo nzeru ya ku Joni inali itamera kale m'midzi. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Sukulu yachitatu inali nkhondo ya 1939 mpaka 1945. Nkhondo iyi inayenda pa matayala, ndipo Angerezi anasowa oyendetsa. Asilikali a King's African Rifles ochokera kuno anafika ku Abyssinia, ku Madagascar ndi ku Burma, ndipo ambiri mwa olembedwa anaphunzitsidwa kuyendetsa malole ndi kuwakonza. Atabwera, ena analowa ntchito ku boma, ena ku kampani ya mabasi ya Nyasaland Transport Company imene inayamba mu 1947, ena anasonkha ndalama za kunkhondo nagula lole yotha ntchito. Pambuyo pake panadza masukulu enieni a ntchito za manja, monga a ku Lilongwe ndi ku Namitete, ndi magalaja a boma a PVHO, kumene amakanika ambiri anakhwimira. Munthu wotere akapuma ntchito ankabwerera kumudzi natsegula galaja pansi pa mtengo wa mango, ana a abale ake namuzungulira. Kufikira lero ambiri okonza magalimoto pa Mitundu ndi pa Nathenje anaphunzira mwa njira yomweyi, wamkulu kupatsira wamng'ono.

Magalimoto amene anakwatirana ndi dziko lino

Si galimoto iliyonse inapirira fumbi la chilimwe ndi matope a dzinja. Imene inayamba kutchuka nkhondo itatha ndi Land Rover, yopangidwa ku England kuyambira 1948. Popeza chitsulo chinali chosowa kumeneko nthawi imeneyo, thupi lake analipanga ndi aluminiyamu, amene sachita dzimbiri, ndipo zigawo zake zambiri zinali zomanga ndi mabawuti, zoti munthu amasule ndi kubwezera. Boma, apolisi, zipatala ndi misyoni anaikonda, ndipo ikakalamba ankaigulitsa kwa anthu wamba. Pa katundu wolemera panali malole a Bedford. Pambuyo pake panadza Peugeot 404 ndi 504 za ku France, ndi magalimoto a ku Japan monga Toyota Hilux ndi Datsun. Kagalimoto kakang'ono ka Nissan 1400 kanapangidwabe ku South Africa kufikira 2008 osasintha kwenikweni maonekedwe, chotero zipangizo zake sizinkasowa.

Magalimoto onsewa anafanana pa chinthu chimodzi: matenda awo ankaoneka ndi maso, namveka ndi khutu. Injini ya petulo ifuna zinthu zitatu kuti ilire, ndizo mafuta osakanizika bwino ndi mpweya, moto wa pa pulagi wodza pa nthawi yake, ndi mphamvu ya pisitoni yopanikiza zonsezo. Makanika wodziwa ayesa zitatuzi chimodzichimodzi. Amasula pulagi naigunditsa ku chitsulo kuti aone ngati ithetheka. Atsegula kabuleta nauzira timabowo take totsekeka ndi fumbi. Ayang'ana utsi: wakuda unena kuti petulo wachuluka, wobiriwira unena kuti injini ili kudya oyilo, woyera wosaleka unena kuti madzi alowa mosayenera. Wina agwiritsa nsonga ya sikuludiraiva pa injini, chogwirira chake nachiika kukhutu, namva bering'i imene ili kugogoda. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dziko litalandira ufulu mu 1964 ntchito ya magalimoto inakula m'dera lino. Mu 1967 sukulu ya ulimi ya Bunda, pafupi ndi Mitundu, inakhala gawo la University of Malawi, ndipo lero ili pansi pa LUANAR. Mu 1968 inayamba ntchito ya Lilongwe Land Development Programme, imene ndi ndalama za World Bank inalambula misewu ya m'midzi, kukumba mijigo ndi kubwereketsa alimi zipangizo kumadzulo ndi kumwera kwa Lilongwe. Mu 1971 kunabadwa ADMARC ndi misika yake, ndipo mu 1975 Lilongwe anakhala likulu la dziko. Mzinda watsopano unafuna chimanga, mtedza, mbatata, nkhuni ndi njerwa, ndipo zambiri zinachokera kuno. Mwini lole yakale anapeza ntchito chaka chonse.

Zaka za kusowa

Nzeru yosintha galimoto inakula kwambiri pa nthawi ya mavuto. Nkhondo ya ku Mozambique inadula njanji za ku Beira ndi ku Nacala, kotero kuti pofika 1984 katundu wa dziko lino ankazungulira pa msewu kuchokera ku madoko akutali monga Durban. Mafuta ndi zipangizo zinakwera mtengo, zina zinasoweratu. Kuyambira 1982 petulo wa m'Malawi anayamba kusakanizidwa ndi ethanol wopangidwa ku Dwangwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Chimenechi chinapulumutsa ndalama zakunja, koma amakanika anaphunzira kuti ethanol afewetsa timapaipi takale ta mphira ndi kutsuka litsiro la m'thanki nalikankhira ku kabuleta. Mu 2006 petulo wokhala ndi mtovu analetsedwa m'maiko a kuno. Chinali chinthu chabwino, pakuti utsi wa mtovu uwononga ubongo wa ana, ngakhale mavavu a injini zina zakale kwambiri ankadalira mtovuwo kuti asadyeke msanga. Ambiri mukumbukira mizere ya magalimoto pa malo omwetsera mafuta mu 2011 ndi kuchiyambi kwa 2012, ndi kugwa kwa kwacha ndi 44 pa 100 mu November 2023. Nthawi iliyonse yotere chitsulo chatsopano chinathawira kutali ndi thumba la munthu wamba.

Pamenepo amakanika a kumudzi anachita monga wosula wakale ndi khasu loperepeseka. Gasiketi ikasowa ankaidula pa katoni yolimba. Ladiyeta yobooka ankaimata ndi sodala. Magalimoto atatu akufa ankabala imodzi yamoyo. Injini ya petulo ikatha ankaichotsa naikamo ya dizilo ya mtundu wina, nawotcherera zogwirira zatsopano kuti ikhale bwino ndi giyabokosi. Pa pikapu ankaonjeza masamba a sipuling'i, namanga zitsulo m'mbali kuti matumba asagwe. Pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale m'zaka za m'ma 1990, mabelo ochuluka opita ku okushoni ya ku Kanengo anakwera magalimoto otere. Ndipo pamene mabasi akuluakulu analeka kufika m'midzi, pakuti kampani ija inasanduka United Transport, kenaka Stagecoach mu 1989, kenaka Shire Bus Lines mu 1997, nizimirira, anthu anadalira matola.

Sitili tokha pa nzeru iyi. Ku Cuba, malonda ndi America atatsekedwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, anthu anasunga magalimoto a m'ma 1950 poikamo injini za maiko ena, ndipo ena ayendabe. Ku Kumasi m'dziko la Ghana kuli dera lotchedwa Suame Magazine, kumene amisiri zikwi zambiri akonza ndi kumanganso magalimoto akale. Kulikonse kumene chatsopano chili chodula, manja achenjera.

Galimoto ikafa

Ngakhale galimoto imene sidzayendanso ikhala ndi ntchito pakati pathu, ndipo apa mwambo wa wosula uoneka poyera. Taonani ngolo za ng'ombe zimene zidzaza msika wa Mitundu. Zambiri zaima pa ekiselo ya galimoto yakufa, pamodzi ndi mabering'i, malimu ndi matayala ake. Mmisiri angopala bokosi la matabwa ndi mtanda wokokera. Isanadze ngolo yotere ena ankakoka katundu pa chileyi, chimene chinkakumba njira, mvula nizisandutsa zigwembe. Ngolo ya matayala a mpweya ipepukira ng'ombe, ndipo isenza matumba khumi kapena kuposa pa ulendo umodzi. Ndiyo ituta chimanga, manyowa, mchenga ndi njerwa, ndiyonso ithamangira kuchipatala usiku ndi mayi wodwala kumene galimoto kulibe.

Masamba a sipuling'i ndi chitsulo cholimba chosapindika msanga, ndipo osula awafunafuna kuti asule nkhwangwa, zikwanje, sompho ndi tchizulo. Mapisitoni ndi zigawo zina za aluminiyamu asungunula naumba mapoto. Tayala lotha lisanduka nkhwayira za kumapazi ndi zomwera nkhuku, chubu isanduka malegeni omangira katundu pa njinga. Batire lofooka liliza wailesi ndi kutchaja mafoni. Ndipo masukulu ndi matchalitchi angati a m'midzi yathu amene belu lawo ndi limu ya lole yopachikidwa pa mtengo? Limu imene inanyamula fodya kunka ku Limbe lero iitana ana ku sukulu ndi akulu ku mapemphero.

Ana nawonso aphunzira pomwepo. Mnyamata wopinda waya kupanga kagalimoto kokhala ndi chiwongolero chachitali wayamba kale kudziwa m'mene ekiselo ndi magudumu zigwirizanirana. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene ali mnyamata anamanga makina opukusidwa ndi mphepo opereka magetsi pakhomo pa makolo ake, anatola fani ya thirakitala ndi zitsulo zina pa dzala la magalimoto akufa. Dzala lotere ndi nkhokwe kwa munthu wa maso.

Magalimoto a masiku ano

Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 dziko ladzaza ndi magalimoto ogwirapo kale ntchito ochokera ku Japan, odzera ku madoko a Dar es Salaam, Beira ndi Durban. Ku Japan ayendetsa kumanzere kwa msewu monga ife, ndipo kuyezetsa galimoto yokalamba kumeneko n'kodula, chotero eni ake aigulitsa ikadali ndi moyo. Anayamba ndi maminibasi a Toyota Hiace, kenaka timagalimoto monga Sienta ndi Probox, timene lero tinyamula anthu pakati pa Lilongwe ndi Mitundu. Magalimotowa amwa mafuta pang'ono ndipo alira msanga m'mawa. Koma alibe kabuleta. Mafuta ayezedwa ndi kompyuta yobisika, imene imvera timasensa tambirimbiri, ndipo ikadwala khutu lokha silikwanira. Pafunika makina olumikiza kuti awerenge chimene chalakwika. Makanika wakale amene ayamba kudula mawaya mongoyerekeza angathe kupsereza kompyuta ya mtengo woposa malipiro ake a miyezi yambiri. Safunsa anadya phula.

Chifukwa chake tinena kwa makolo ndi kwa eni magalaja kuti mnyamata kapena mtsikana wofuna ntchito iyi asasiye sukulu. Afunika kuwerenga Chingerezi cha m'mabuku a magalimoto ndi kudziwa za magetsi. Kuyambira 1999 kuli bungwe la TEVETA loyang'anira maphunziro a ntchito za manja, ndipo wophunzira pansi pa mtengo achita bwino akapita kukayesedwa nalandira chikalata. Koma wa chikalatayo asanyoze mkulu wa pansi pa mtengo, pakuti makina owerenga matenda sadziwa kumasula bawuti yochita dzimbiri, ndipo sadziwa chochita chitsulo chofunikacho chikasowa m'dziko lonse.

Malire osayenera kulumpha

Tayamika nzeru iyi, ndipo iyeneradi kuyamikidwa. Koma mbiri yake ili ndi misozi, ndipo tikaibisa tidzakhala osakhulupirika kwa inu. Midzi yambiri yaikapo anthu angapo tsiku limodzi chifukwa lole yonyamula a kumaliro, a kuukwati kapena a kumsika inakanika kuima pa chitsetso.

Mvetsani chifukwa chake. Munthu akaonjeza masamba a sipuling'i, galimoto ileka kukhalira pansi, ndipo ioneka ngati yakula mphamvu. Koma mabuleki ake ndi omwe aja, matayala ndi omwe aja. Kulemera konse kwa galimoto kukawirikiza kawiri, ntchito ya mabuleki poiimitsa iwirikizanso kawiri. Liwiro likawirikiza kawiri, ntchitoyo iwirikiza kanayi. Ntchito yonseyo isanduka kutentha, ndipo mabuleki akatentha kopitirira aleka kugwira. Katundu wosanjikizidwa pamwamba, anthu nakhala pamwamba pakenso, achititsa galimoto kugudubuzika pokhota. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono pali zinthu zimene munthu angasinthe monga afuna: mipando, matabwa a kumbuyo, utoto, ngakhale injini, malinga akadziwitsa a Road Traffic kuti zolembedwa m'buku la galimoto zigwirizane ndi zimene zilipo. Koma pali zitatu zosachitira chiphamaso, ndizo mabuleki, chiwongolero ndi matayala. Kutseka paipi ya buleki ya gudumu limodzi chifukwa ili kudontha, kuthira madzi a sopo m'malo mwa mafuta a mabuleki, kuwotcherera chitsulo cha chiwongolero chothyoka, kuyenda pa tayala loonekera ulusi, zonsezi ndi kutchera msampha anthu amene alipira ndalama zawo pokhulupirira inu. Lamulo la pamsewu la 1997 lifuna kuti galimoto iyezedwe nikhale ndi chiphaso chosonyeza kuti ili bwino. Wopeza chiphasocho mwa njira yokhota wanyenga wapolisi, koma chitsetso sachinyenga.

Wokonzayo adzisamalenso yekha. Asalowe pansi pa galimoto yoimikidwa pa jeke yokha kapena pa njerwa zosawotcha. Aikepo zipika zolimba ndi kutsekera magudumu. Asawotcherere thanki ya petulo ngakhale ioneke youma, pakuti mpweya wotsalamo ndiwo uphulika. Asalize injini m'nyumba yotseka, pakuti mpweya wakupha wa mu utsi wake ulibe fungo ndipo upha mwakachetechete. Oyilo wakuda asatayidwe pafupi ndi chitsime kapena dimba, ndipo batire lakufa lisakhale choseweretsa ana, popeza muli asidi ndi mtovu.

Ndi inu okwera, musakhale chete. Mayi wogulitsa tomato ali nawo ufulu wakutsika akaona woyendetsa ali kupopa buleki katatu isanagwire. Akulu a mudzi ndi a mpingo pobwereka lole ya ulendo wa anthu ambiri ayambe afunsa za mabuleki asanafunse za mtengo, ndipo awerenge anthu okwera, otsala adikire ulendo wachiwiri.

Zaka zoposa 100 zapita chiyambire galimoto kulira m'chigwa chino. Inatitula mtolo umene agogo athu anafa nawo m'njira, ndipo yakhalitsa pakati pathu chifukwa ana a osula anaphunzira kuichiza. Amisiri amenewa tiwalipire moyenera ndi pa nthawi yake, pakuti makanika wobedwa malipiro ndiye ayesedwa kubwezera chitsulo chakutha. Iwonso atiuze zoona, ndipo pamene chinthu sichingakonzekenso anene mosaopa kuti, "Bambo, ichi chatha, ekiselo yake tipangire ngolo." Wosula wakale ankadziwa tsiku limene khasu lileka kukhala khasu, ndipo sankapatsa mlimi chida choti chimuthyokere m'manja. Amene alowa m'malo mwake asunge ulemu womwewo.